Bedford ya bambo anu isapite kwa wopenta chaka chino

Wowerenga wa ku Ntcheu wafunsa kuti: "Bambo anga anamwalira n'kutisiyira lole ya Bedford, ija ya mphuno yaitali. Yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka 14 osayenda. Abale akuti tiigulitse kwa ogula zitsulo, koma ine ndikufuna kumaikonza pang'onopang'ono Loweruka lililonse mpaka iwale ngati mmene ndinkaionera ndili mwana. Wopenta wina wandiuza kuti milungu iwiri yakwana, ndingogula fila, penti ndi thinner. Kodi ndigule penti wanji, ndipo ndingathe kupopera ndekha?"

Achimwene, mwachita bwino kuti simunaipereke kwa anyamata a sikelo aja. Koma ndalama ya pentiyo ibwezereni kaye m'thumba. Wopenta wanuyo sakunama, milungu iwiri akhozadi kuiwalitsa, anthu n'kumaima pamsewu kuiyang'ana. Chimene sanakuuzeni n'chakuti mvula ikagwa kawiri pentiyo adzayamba kutuluka matuza m'munsi mwa zitseko, ndipo ndalama yonse idzakhala yapita. Pa ntchito ya lole yakale, kupenta ndi kwa masiku ochepa a kumapeto. Miyezi yonse yapatsogolo ndi ya dzimbiri.

Yambani ndi kuidziwa galimoto yanuyo. Bedford ya mphuno yaitali imene inadzaza misewu yathu kawirikawiri ndi ya mtundu wa TJ, imene ambiri amangoitchula kuti J5 kapena J6 malinga ndi kukula kwake. Kampani ya Vauxhall ku England inayamba kuipanga mu 1958, ndipo fakitale ya malole ake inali ku Dunstable. Kwawoko inaleka kugulitsidwa mu 1975, koma anapitiriza kuipangira mayiko a ku Africa ndi ku Asia chifukwa inali yosavuta kukonza ndi sipanala ndi hamala basi. Mu 1987 fakitaleyo inagulidwa ndi kampani ya AWD, yomwe inaipangabe mpaka inagwa mu 1992. Ku India nako a Hindustan Motors ankapanga lole yomweyi. Izi sindikunenera mbiri chabe. Zikutanthauza kuti lole ziwiri zooneka chimodzimodzi zikhoza kusiyana zaka 25, injini n'kusiyananso, ndiye musanagule chipangizo chilichonse pezani kambale kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi, mukajambule, muyerekeze ndi zomwe zili mu blue book. Zikutanthauzanso kuti mabawuti ake ndi a mainchesi. Sipanala ya mamilimita 13 imaoneka ngati yalowa pa bawuti ya theka la inchi, koma mukakoka mwamphamvu imangoperesa makona, ndipo bawuti ya zaka 50 yoperesedwa mutu imadya tsiku lathunthu. Gulani masipanala olembedwa AF, ngakhale akale a pamsika.

Chachiwiri ndi chasisi, chifukwa ndiyo imene ikuuzeni ngati ntchitoyi ndi yoyamba kapena yosiya. Tengani hamala yaing'ono mulowe pansi, mugogode chitsulo chonsecho kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chowola chimangoti phu, n'kumagwetsa makoko a dzimbiri m'maso. Limbikirani pamene pamagwira masipuling'i, pa zitsulo zopingasa, ndi pamwamba pamene matabwa a kumbuyo amagona, poti thabwa limasunga madzi n'kumadyetsa chitsulo mwakachetechete. Chasisi ya Bedford ndi yochindikala, nthawi zambiri imapulumuka. Ikapezeka yabooka malo ambiri kapena yapindika, khalani pansi muganize kawiri, mwina mupeze inzake yophwasula.

Za injini ndi mabuleki ndinena mwachidule poti si zimene mwafunsa, koma zichitike penti asanafike. Musalumikize batire n'kuyesa kuliza injini imene yagona zaka 14. Thirani oyilo pang'ono m'masilinda, mudikire masiku angapo, muizungulitse ndi manja. Khuthulani mafuta akale m'thanki. Mawaya aonedwe onse, makoswe amakhala atagwira ntchito yawo, komanso onani mbali ya batire imene inkapita ku bodi, chifukwa magalimoto ambiri a ku Britain a m'zaka za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1960 ankalumikiza mbali ya pulasi. Fumbi la m'mabuleki akale musaliuzire ndi mpweya, muli asbestos amene amaononga mapapo, lipukuteni ndi kansanza konyowa. Mafuta a mabuleki amasupula penti ngati madzi otentha pa nkhuku, ndipo potsitsa injini tcheni sichilephera kukhula penapake. Ndiye zonse zamafuta ndi zolemera zithe lole idakali yonyansa.

Tsopano dzimbiri. Mtengo wa mango uja munkauona ngati mthunzi, koma ndiwo mdani wamkulu wa lole yanu. Masamba amagwera m'ngalande za denga, m'munsi mwa galasi lakutsogolo ndi m'kati mwa zitseko, n'kutseka timabowo totulutsira madzi. Amaola n'kusanduka dothi lonyowa lomwe siliuma ngakhale mu Okutobala. Mukakatsegula chitseko mukagogode m'munsi mwake, mudzamva dothilo likuyenda. Chotsani mphasa ya pansi ndi mpando, mutenge sikuludiraiva mubaye paliponse pokayikitsa: pansi pamene dalaivala amaponda, masitepe, pamene mutu wa lole umakhazikika pa chasisi, m'makona a galasi, m'mphepete mwa madigadi. Musachite manyazi pobaya. Pamene sikuludiraiva yalowa panali pobooka kale, penti yekha ndiye amaphimba.

Kenako tengani maginito, ngakhale a sipika yakufa ya wailesi, muwakulunge m'kansalu muziyendetsa pabodi. Pamene pali chitsulo amagwira. Pamene akugwa pali fila, phala lija lomata m'maenje a bodi, la wopenta wina wakale, ndipo pansi pa filayo pali nkhani. Zungulizani malo onsewo ndi choko.

Dzimbiri lake si limodzi. Lilipo lapamwamba, lofiirira ngati fumbi la katondo, limene limachoka ndi bulashi ya waya kapena sandipepa n'kusiya chitsulo chosalala. Ilo si vuto. Lilipo lina limene lakumba timaenje ngati nthomba. Limeneli bulashi siifika pansi pake, limangopukutika pamwamba n'kumanyezimira, munthu n'kuganiza kuti latha. Apa pafunika kupopera mchenga ngati mungapeze wa makina ake, kapena mankhwala a dzimbiri okhala ndi phosphoric acid, amene amasandutsa lotsaliralo kukhala lakuda ndi lolimba. Mankhwalawa ndi a dzimbiri lopyapyala la m'timaenje, si othira pa makoko. Ndiye pali lachitatu, limene labooleza kapena lasiya chitsulo chopyapyala ngati pepala. Ili mankhwala ake ndi amodzi: kudula mpaka mutafika pa chitsulo choyera, n'kuwotcherera chatsopano.

Ndikulimbikira apa chifukwa ineyo ndinaphunzira ndi manyazi. Ndili mnyamata pagalaja ina, anatibweretsera pikapu yobooka m'munsi mwa zitseko zonse ziwiri, mwini wake akufuna ituluke Lachisanu. Ndinalowetsa kasefa ka waya kumbuyo kwa bowolo, n'kumata fila wokhuthala ngati chala, n'kukhula mpaka posalala ngati galasi. Titapopera, munthu anatiyamika n'kutigulira zakumwa. Mu Malichi galimoto ija inabwerera. M'munsi mwa chitseko munali matuza ngati a moto, ndipo mwini wakeyo anandigwira dzanja n'kundidinitsa chala pa thuza limodzi. Linaphulika, madzi ofiirira n'kuyenderera pa penti wanga wokongola uja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Fila amamwa madzi. Akakhala ndi bowo kumbuyo kwake amayamwa chinyontho n'kuchigoneka pachitsulo, ndipo dzimbiri limathamanga kuposa mmene likanachitira bowolo likanangosiyidwa poyera.

Powotcherera, dziwani kuti chitsulo cha mutu wa lole ndi chopyapyala, milimita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ndi makina a ma rod amachiboola, ndipo wa gasi wa kabaidi akachedwa pamalo amodzi chimapindika ngati chikopa chouma padzuwa, n'kufunanso fila wambiri kuti chiwongoke. Makina a MIG, owotcherera ndi waya wopyapyala, ndiwo abwino. Ngati kulibe, pezani mmisiri wa gasi woleza mtima amene amadontheza kadontho apa, n'kudumphira uko, n'kudikira pazizire. Chigamba chidulidwe molingana ndi bowo, muyambe mwajambula pa katoni, ndipo chilowe m'bowomo milomo kukumana. Chigamba chosanjika pamwamba chimasiya mpata pakati, madzi n'kupezamo nyumba. Chitsulo chabwino cha zigamba ndi denga kapena boneti ya galimoto ina yophwasulidwa. Malata a nyumba ayi, ndi opyapyala kwambiri ndipo utsi wa zinki wake umadwalitsa. Thanki ya mafuta ichotsedwe ikhale kutali moto usanayatsidwe, ngakhale mukuiona ngati youma. Thanki yopanda kanthu ndiyo imaphulika. Mukamaliza, kumbuyo kwa chigamba kupakidwenso, poti dzimbiri limayambira kumene maso saona.

Penti wakale naye ali ndi zake. Wa zaka zimenezo, makamaka wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, kawirikawiri amakhala ndi mtovu. Fumbi lake ndi loopsa kwambiri kwa ana ndi amayi oyembekezera, limawononga ubongo wa mwana ndipo sizibwerera. Musakhulire pabwalo pamene ana amasewera kapena pamene amayi amayanika ufa. Valani chotchinga mphuno chenicheni, khulani ndi madzi pamene mungathe, sesani zotsalira muzikwirire kutali ndi dimba ndi chitsime, ndipo ovolosi yanu isachapidwe pamodzi ndi zovala za ana.

Cholakwa china chimene anthu okonda ntchitoyi amachita ndi kusupula lole yonse mpaka pachitsulo m'masiku awiri a changu, kenako ndalama n'kutha, ntchito n'kuima. Chitsulo chamaliseche chimachita dzimbiri usiku umodzi wa mame. Inu muli ndi Loweruka lokha, choncho tengani chidutswa chimodzi, kaya ndi digadi kaya chitseko, muchimasule, muchikonze, muchitseke ndi primer, penti woyamba wogwira pachitsulo, tsiku lomwelo. Primer wake akhale wa epoxy, wa zitini ziwiri zosakaniza. Ameneyu salowa madzi, ndipo chitseko chikhoza kudikira chaka m'shedi osasintha. Primer wotuwa wamba uja amayamwa chinyontho. N'chifukwa chake mumaona magalimoto oyenda ndi primer miyezi ingapo akuyamba mawanga ofiirira. Primer wofiira uja wotchedwa red oxide musungireni chasisi ndi pansi pa bodi, kumene mupake ndi bulashi mosaumira.

Fila ali ndi malo ake, sindikumuda. Ntchito yake ndi kusalaza timakwinya totsala hamala itamaliza, ndipo asapitirire mamilimita atatu. Akafuna kupitirira apo ndiye kuti chitsulo sichinawongoke, bwererani ku hamala. Mukhule ndi sandipepa wokhakhala wa P80, kenako wosalalirapo wa P180, wouma, poti fila sakhulidwa ndi madzi. Sandipepayo mumukulunge pa kathabwa kosalala. Zala zimatsata maenje m'malo mowachotsa, ndipo penti wonyezimira adzaulula mizere ya zala zanu zonse. Mukapopera primer wokhuthala pamwamba pake, wazani kautsi ka penti wakuda musanakhule ndi P320 mpaka P400 kapena P600. Pamene kakudako katsalira pali dzenje. Tsekani maso muyendetse chikhatho, chimaona zimene maso aphonya.

Tafika pa funso lanu. Penti amene mungakumane naye ndi wa mitundu itatu. Wa cellulose amauma msanga ndipo cholakwa chimakonzeka mosavuta, koma dzuwa lathu limamufwifwitsa, ndipo thinner wake ndi waukali moti akagwera pa enamel wakale amamukwinyitsa ngati khungu la nkhalamba. Wa 2K, wosakaniza ndi hardener, ndiye wolimba ndi wonyezimira kuposa onse, ndipo ndi amene wopenta wanu angakonde. Koma hardener yo ili ndi isocyanate, mankhwala amene amayambitsa mphumu yosachoka, ndipo kansalu kapena kamasiki ka pepala sikatchinga kanthu. Amafuna chigoba cholandira mpweya woyera kudzera mu paipi. Ndikudziwa amisiri amene lero sangayandikire chitini chotsegula osabanika. Wachitatu ndi enamel wa mafuta wa magalimoto ndi mathirakitala. Amachedwa kuuma, salimba ngati 2K, koma ndi wotsika mtengo, amalola bulashi, ndipo pokalika pamapakikanso popanda vuto.

Kwa inu ndisankha enamel. Lole za nthawi imeneyo sizinkanyezimira ngati galimoto ya ukwati, ndipo Bedford ya 2K wothiridwa penti woonekera wa clear pamwamba imaoneka ngati gogo wovala suti ya mdzukulu. Ku Britain komweko makampani ambiri ankapenta malole awo ndi bulashi, mmisiri n'kulemba dzina la mwini pachitseko ndi dzanja. Bulashi yabwino yofewa, kupaka katatu mopyapyala, kukhula pang'ono ndi P600 musanapakenso, ulendo uliwonse penti atauma bwino, zimatulutsa ntchito imene munthu woima mamita awiri sangadziwe kuti sinapoperedwe. Ngati mtima wanu uli pa 2K basi, konzani zonse nokha mpaka pa primer, tsiku lopopera mulipire mmisiri wokhala ndi chipinda ndi chigoba choyenera. Penti wakale amene mwaganiza zomusiya, muyeseni kaye ndi kansanza ka thinner pamalo obisika. Akafewa kapena kukwinyika, ndiye kuti adzakangana ndi watsopano, achoke kapena atsekedwe ndi primer wotchinga.

Kupopera nokha enamel mungathe, bola muyambire pa mgolo wakale kapena chitseko chotayidwa mpaka dzanja lizolowere. Gani yopoperera ikhale ya kabowo ka mamilimita 1.3 kapena 1.4 pa penti, 1.8 pa primer wokhuthala. Italikire masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pabodi, iyende mowongoka osati mokhota ngati mukuthirira dimba, ndipo mzere uliwonse uphimbe theka la unzake. Mukatalikitsa kapena penti akakhuthala, pamatuluka khungu la lalanje. Mukayandikitsa kapena kuchedwa, pamatsika misozi. Msozi ukatsika musaugwire, usiyeni uume milungu ingapo mudzaukhule. Kasakanizidwe tsatani zolembedwa pachitini, osati za mnzanu. Kompuresa ikhuthulidwe madzi m'mawa uliwonse ndipo paipi ikhale ndi kosefera madzi, apo ayi gani idzalavula timadontho m'penti. Polishi wa dashibodi ndi wa matayala asayandikire pamalopo. Ali ndi silicone, ndipo kachidutswa kosaoneka n'komwe kamatsegula timaso ta nsomba pa boneti yonse.

Nyengo nayo isankheni. M'dzinja mpweya ndi wonyowa ndipo penti amachita nkhungu yoyera. Juni ndi Julayi kwanu ku Ntcheu kumazizira, mame amachedwa kuuma, enamel n'kukhala womata mpaka madzulo. Ogasiti ndi Seputembala ndi mphepo, fumbi ndi phulusa la moto wolusa. Mu Okutobala chitsulo chimatentha moti penti amauma asanagone bwino. Ine ndimakonda kumapeto kwa Epulo ndi Meyi, mvula itasiya koma pansi pasanachite fumbi, nthawi ya m'ma 9 koloko mame atauma, pamthunzi wa denga osati wa mtengo. Wazani madzi pansi kuti fumbi lisadzuke, ndipo nkhuku zitsekeredwe. Madzulo musapopere, tizilombo timatsata kuwala n'kudzafera pa boneti.

Mtundu weniweni wa lole ya bambo anu suli panja, dzuwa linaudya kale. Ufufuzeni kumbuyo kwa mpando, pansi pa dashibodi kapena m'kati mwa chitseko. Masulani kachidutswa kamodzi kochokera kumeneko, mukapukute, mupite nako kwa osakaniza penti, ndipo mugule wokwanira lole yonse ulendo umodzi chifukwa kusakaniza kwachiwiri sikufanana ndi koyamba. Mukasintha mtundu, kumbukirani kuti uyenera kugwirizana ndi zolembedwa mu blue book, ndiye mudzafunika kukakonzetsa ku Road Traffic musanapite kukayezetsa COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Pali chinthu chimodzi chimene sandipepa akachidya sichibwerera. Ngati pachitseko pakuonekabe dzina la bambo anu, kapena mawu aja eni malole ankakonda kulembetsa pamphumi pa galimoto, ajambuleni ndi foni muli ndi tepi yoyezera pambali, kenako muike pepala lopyapyala mutsatire chilembo chilichonse ndi pensulo. Wolemba zikwangwani adzabwezeretsa ndi dzanja monga zinalili. Zomata za pakompyuta pa Bedford sizikhala. Enanso amasiya chitseko chimodzicho osachipenta, amangochitsuka n'kuchipaka polishi, ndipo ine sindiwatsutsa.

Loweruka likubwerali musagule kalikonse kupatula mafuta omasulira mabawuti. Itanani anyamata kapena thirakitala muikoke ichoke pansi pa mango, muikhazike pa zitsa zolimba pamalo ouma, matayala asagunde pansi. Ngati mufunda pulasitiki, musiye mpata mphepo izidutsa, chifukwa pulasitiki yomata imachititsa thukuta. Kokolani masamba onse, tsegulani timabowo ta m'munsi mwa zitseko ndi waya, jambulani mbali zonse ndi mawaya onse musanamasule kanthu. Bawuti iliyonse yochoka ilowe m'kajumbo kolembedwa kumene yachokera, poti pofika chaka chamawa simudzakumbuka. Mukatha apo tengani hamala ija mulowe pansi, ndipo mudzandilembere mmene chasisi yalirira.